William Shakespeare: Mwana wa Mmisiri wa Zikopa Amene Sadafike ku Yunivesite

Aliyense amene adaphunzira mabuku a Chingerezi ku sekondale amalidziwa dzina la William Shakespeare. Ambiri a ife tidakumana nalo koyamba mitima ili m'mwamba, pakuti Chingerezi chake n'chakale ndipo mayeso adali atayandikira. Tidaloweza za Macbeth, za Julius Caesar ndi za Romeo and Juliet, tidalemba mayeso, mabuku aja n'kubweza kwa aphunzitsi. Komabe ndi owerengeka okha amene adafotokozeredwa za mwini wake wa mabukuwo: kumene adachokera, mavuto amene adagwera banja lake, ndiponso m'mene ankapezera chakudya chake. M'ndime yathu ya lero tikufuna kulongosola moyo wa munthu ameneyu, makamaka poganizira achinyamata amene atsiriza sukulu koma mwayi wopitirira ndi maphunziro sudawapeze. Nayenso Shakespeare adalekezera pa sukulu ya m'tauni ya kwawo.

Kubadwa ndi makolo ake

Shakespeare adabadwira m'tauni yaing'ono ya Stratford-upon-Avon, m'chigawo cha Warwickshire ku England, mtunda wa mamailosi pafupifupi 100 kuchokera ku London. Buku la ubatizo la tchalitchi cha Holy Trinity limasonyeza kuti adabatizidwa pa 26 Epulo 1564, ndipo mwa mwambo anthu amakumbukira kubadwa kwake pa 23 Epulo. Iye adali wachitatu mwa ana 8, koma alongo ake awiri amene adamtsogolera adamwalira ali makhanda. Ali ndi miyezi itatu yokha, mliri udagwa m'taunimo ndi kupha anthu oposa 200. Khanda la kwa a Shakespeare lidapulumuka.

Bambo ake, a John Shakespeare, adali mmisiri wofufuta zikopa ndi kusoka magolovesi, ndipo ankachitanso malonda a ubweya wa nkhosa. Mayi ake, a Mary Arden, adali mwana wa mlimi wopata wa m'mudzi wa Wilmcote. Ntchito itawayendera bwino, a John adasankhidwa kulowa m'bungwe loyendetsa tauni, ndipo m'chaka cha 1568 adakwera kufika pa udindo waukulu koposa m'taunimo, wofanana ndi wa meya. Pa nthawi ya udindo wawo, magulu oyendayenda a anthu ochita masewero adafika ku Stratford ndipo bungwe la tauni lidawalipira. Motero mnyamatayo adakulira m'tauni imene masewero sadali chinthu chachilendo.

Zimene sukulu idampatsa

Ku Stratford kudali sukulu yotchedwa King's New School, imene ana aamuna a nzika za taunimo ankaphunzirako osalipira. Akatswiri a mbiri amagwirizana kuti kumeneko ndi kumene mwana wa mkulu wa tauni adaphunzira. Aphunzitsi ake adali anthu ochokera ku yunivesite ya Oxford, ndipo ankalandira mapaundi 20 pa chaka, malipiro abwino ndithu pa nthawiyo. Sukulu inkayamba m'mamawa, cha m'ma 6 koloko nyengo yotentha, n'kuweruka madzulo, masiku 6 pa mlungu.

Phunziro lalikulu lidali Chilatini. Ana ankaloweza malamulo a chiyankhulocho, ankamasulira ndime kuchoka m'Chilatini kupita m'Chingerezi, kenaka n'kuzibwezeranso m'Chilatini. Ankawerenga ndakatulo za Ovid ndi Virgil, zokamba za Cicero, ndi masewero a Plautus ndi Terence. Padalinso ntchito ina imene tiyenera kuikumbukira chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku: mphunzitsi ankapereka nkhani imodzi, ndipo mwana ankayenera kuikira kumbuyo mbali ina, atatero n'kutembenuka kuikiranso kumbuyo mbali yotsutsana nayo, kapena kulemba mawu amene munthu wina wa m'mbiri akadayankhula atagwidwa ndi chisoni kapena mkwiyo. Kwa ana ambiri zimenezi zidali zotopetsa, koma Shakespeare adadyera zomwezo moyo wake wonse.

Cha m'ma 1576, William ali ndi zaka 12, zinthu zidayamba kuwatembenukira a John. Ngongole zidawachulukira, adaleka kufika ku misonkhano ya bungwe la tauni, ndipo m'chaka cha 1578 adachititsa chikole malo amene akazi awo adalandira kwa makolo. M'chaka cha 1586 adachotsedwa m'bungwe lija, ndipo m'chaka cha 1592 dzina lawo lidalembedwa pa mndandanda wa anthu amene sankapita ku tchalitchi poopa kugwidwa chifukwa cha ngongole. Mnyamata amene adayamba sukulu ali mwana wa munthu wolemekezeka adaitsiriza ali mwana wa munthu wobisala angongole. Njira ya ku Oxford kapena ku Cambridge sadaiyende.

M'mwezi wa Novembala 1582, ali ndi zaka 18, adakwatira Anne Hathaway, mwana wa mlimi wa m'mudzi wa Shottery, amene adali ndi zaka 26. Mwana wawo woyamba, Susanna, adabatizidwa m'mwezi wa Meyi 1583, ndipo mu Febuluwale 1585 kudabatizidwa mapasa, Hamnet ndi Judith. Asadakwanitse zaka 21, Shakespeare adali ndi mkazi ndi ana atatu oyang'ana kwa iye, pamene chuma cha bambo ake chidali chitatha.

Mlendo ku London

Adasiya banja lake ku Stratford napita ku London, kumene ntchito yochita masewero idali itangoyamba kukhala malonda okhazikika. M'chaka cha 1576 James Burbage, amene poyamba adali kalipentala, adali atamanga nyumba ya masewero yotchedwa The Theatre kunja kwa malire a mzinda, pakuti akuluakulu a mzindawo ankadana ndi masewero ponena kuti amasokoneza antchito ndi kufalitsa matenda. Anthu ankakhamukirako, ndipo magulu a masewero ankafuna nkhani zatsopano mosalekeza. Olemba ambiri otchuka pa nthawiyo, monga Christopher Marlowe ndi Robert Greene, adali ndi madigiri a ku yunivesite.

Pofika 1592 Shakespeare adali atadziwika kale ngati wosewera ndiponso wolemba, makamaka chifukwa cha masewero ake onena za Mfumu Henry VI. Umboni wake ndi chipongwe chimene adalandira. Chaka chimenecho kudatuluka kabuku m'dzina la Robert Greene, amene adali atangomwalira ali mmphawi, ndipo m'kabukumo Shakespeare adafaniziridwa ndi khwangwala wodzikongoletsa ndi nthenga za mbalame zina. Chimene chidawawa ophunzirawo n'chakuti wosewera wamba, wopanda digiri, ankadziyesa wotha kulemba monga iwo.

Chaka chomwecho mliri udabuka ku London, ndipo nyumba za masewero zidatsekedwa kwa nthawi yaitali kufikira 1594. Ntchito itaima, iye adatembenukira ku ndakatulo. Adalemba ndakatulo ziwiri zazitali, Venus and Adonis mu 1593 ndi The Rape of Lucrece mu 1594, nazipereka kwa mfulu wina wachinyamata wolemera, Henry Wriothesley, nduna ya ku Southampton. Nkhani zonse ziwiri adazitenga m'mabuku a Chilatini amene ana ankawerenga ku sukulu, ndipo amene adazisindikiza adali Richard Field, mnyamata wa kwawo ku Stratford, mwana wa wofufuta zikopa. Ndakatulo yoyambayo idagulidwa kwambiri kotero kuti idasindikizidwa mobwerezabwereza iye akali moyo.

Mutu umodzi susenza denga

M'chaka cha 1594 kudakhazikitsidwa gulu la masewero lotchedwa Lord Chamberlain's Men, ndipo Shakespeare adakhala mmodzi mwa eni ake. Apa ndi pamene padasiyana moyo wake ndi wa olemba anzake. Wolemba wamba ankagulitsa sewero lake kamodzi kokha pa mapaundi ochepa, phindu lonse n'kutsalira gulu. Shakespeare, pokhala ndi gawo m'gululo, ankalandira nawo ndalama za pakhomo tsiku lililonse. Adakhala m'gulu limodzi lomwelo zaka pafupifupi 20, akulemba masewero awiri pa chaka mwa kuyerekeza, uku akusewera nawo pa nsanja.

Ankalemba akudziwa munthu amene adzayankhule mawuwo. Richard Burbage, mwana wa James, ndiye ankatenga mbali zikuluzikulu monga Richard III, Hamlet, Othello ndi King Lear. Wanthabwala wa gululo adali Will Kemp, katswiri wa kuvina, ndipo atachoka cha m'ma 1599 malo ake adatenga Robert Armin, wodziwa kuimba ndi kuseweretsa mawu. Kuyambira pamenepo anthabwala a m'masewero a Shakespeare adasanduka anthu oimba ndi onena zanzeru mobisa, monga tiona mu Twelfth Night ndi King Lear. Akazi sankakwera pa nsanja masiku amenewo, motero mbali ya Juliet ndi ya mkazi wa Macbeth zidalembedwera anyamata amene mawu awo adali asadakule.

Kumapeto kwa 1598 gululo lidakangana ndi mwini malo amene padamangidwa The Theatre. M'masiku otsatira Khirisimasi, ana a Burbage ndi anzawo pamodzi ndi kalipentala Peter Street adaphwasula nyumbayo, ndipo mitengo yake adaiwolotsa mtsinje wa Thames n'kumangira nyumba yatsopano yotchedwa Globe, imene idatsegulidwa mu 1599. Shakespeare adali ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a nyumbayo. Idali yozungulira, yopanda denga pakati, ndipo inkatha kulandira anthu pafupifupi 3,000. Masewero ankachitika masana, kuwala kwake kuli kwa dzuwa. Wolipira kobiri limodzi ankaimirira pabwalo pafupi ndi nsanja, pamene wolipira makobiri awiri kapena atatu ankapeza pokhala pansi pa denga. Choncho m'nyumba imodzi munkakhala amtengatenga, ophunzira za malamulo, amalonda ndi nduna, ndipo wolemba ankayenera kuwagwira mtima onsewo pamodzi.

Nkhani zake zambiri sadazipeke yekha. Romeo and Juliet adaitenga m'ndakatulo ya Arthur Brooke ya 1562. Julius Caesar adaitenga m'buku la Plutarch limene Thomas North adamasulira mu 1579. Mbiri za mafumu a ku England ndi nkhani ya Macbeth adazipeza m'buku la mbiri la Raphael Holinshed. Luso lake lidali pa zimene ankachita ndi nkhanizo, ndipo apa ndi pamene ntchito ija ya ku sukulu idabala zipatso. Pa maliro a Caesar, Brutus amaimirira ndi kufotokoza chifukwa chake adapha bwenzi lake, ndipo khamu limamuvomereza. Kenaka Mark Antony amaimirira pamalo pomwepo, khamu lomwelo n'kutembenuka. Shylock mu The Merchant of Venice ndi wouma mtima, komabe amapatsidwa mpata wonena m'mene adazunzidwira. Shakespeare ankalowa m'mtima mwa mfumu, mwa wakupha, mwa mtsikana ndi mwa chidakwa, aliyense n'kumupatsa zifukwa zake, chiweruzo n'kusiyira oonerera.

Ulemu, maliro ndi zoopsa

Ndalama zitayamba kubwera, iye adakumbukira kwawo. M'chaka cha 1596 bambo ake adapatsidwa chizindikiro cha ulemu cha banja, chimene adali atachifunsira zaka zambiri m'mbuyomo asadagwe m'ngongole, ndipo kuyambira pamenepo adawerengedwa m'gulu la afulu. Koma mu Ogasiti chaka chomwecho mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo, Hamnet, adamwalira ali ndi zaka 11. Chaka chotsatira Shakespeare adagula New Place, nyumba yachiwiri kukula m'tauni ya Stratford. Mu 1602 adagula munda wa maekala 107 pa mtengo wa mapaundi 320, ndipo mu 1605 adalipira mapaundi 440 kuti azilandira gawo la chakhumi cha zokolola za m'deralo. Munthu amene adaona bambo ake akuthawa angongole adasamala chuma chake mosaphonya.

Ntchito yake idalinso ndi zoopsa zake. Sewero lililonse linkayenera kuvomerezedwa ndi mkulu wa boma lisadaonetsedwe, ndipo mnzake Ben Jonson adatsekeredwapo m'ndende mu 1597 chifukwa cha sewero. Mu Febuluwale 1601 otsatira nduna ya ku Essex adalipira gulu la Shakespeare masheleni 40 owonjezera kuti lionetse Richard II, sewero limene mfumu imachotsedwa pampando. M'mawa mwake nduna ija idayesa kuukira boma la Mfumukazi Elizabeth, koma idalephera ndipo idadulidwa mutu. Mmodzi mwa osewerawo, Augustine Phillips, adaitanidwa kukafunsidwa, nafotokoza kuti iwo adangotsata malipiro. Gululo lidapulumuka, pamene nduna ya ku Southampton, imene Shakespeare adaipatsa ndakatulo zake zija, idaponyedwa m'ndende.

Bambo ake adamwalira mu 1601, pa nyengo yomwe sewero la Hamlet lidali latsopano, nkhani ya mwana wolira bambo ake. Mfumukazi Elizabeth itamwalira mu 1603, Mfumu James ya ku Scotland idalowa ufumu wa England ndipo idatenga gululo kukhala lake, dzina n'kusintha kukhala King's Men. M'zaka zotsatira Shakespeare adalemba masewero ake olemera koposa: Othello, wonena za msilikali amene nsanje idamupangitsa kupha mkazi wake wosalakwa, King Lear, wonena za nkhalamba imene idagawa dziko lake kwa ana ake potsata mawu oshashalika, ndi Macbeth, wonena za kazembe wa nkhondo amene adapha mfumu yake chifukwa chosirira mpando. Sewero lotsirizali lidayenera nthawi yake, pakuti Mfumu James idali ya ku Scotland, idali italemba buku lonena za ufiti mu 1597, ndipo banja lake linkadzitcha mbadwa za Banquo.

Kubwerera kwawo

M'chaka cha 1608 gululo lidatenga nyumba ina ya denga yotchedwa Blackfriars, mmene ankasewera ndi kuwala kwa makandulo pamaso pa anthu olipira zambiri. Mu 1609 ndakatulo zake zazifupi zokwana 154 zidasindikizidwa. Masewero ake a kumapeto, monga The Winter's Tale ndi The Tempest, amakamba za ana otayika amene apezeka ndi za adani amene akhululukirana. Atatha amenewa adalemba ena mothandizana ndi John Fletcher, wolemba wachinyamata amene adadzalowa m'malo mwake. Pa 29 Juni 1613, akuonetsa sewero la Henry VIII, moto wochokera mu mzinga umene adauwombera pa nsanja udagwira udzu wa padenga, ndipo Globe idapsa yonse. Idamangidwanso chaka chotsatira ndi denga la matailosi, koma pofika nthawiyo Shakespeare adali atasiya kulemba.

Adamwalira ku Stratford pa 23 Epulo 1616 ali ndi zaka 52, naikidwa m'tchalitchi chomwe chija adabatizidwiramo. M'kalata yogawa chuma chake adasiyira zambiri Susanna, amene adakwatiwa ndi dokotala John Hall. Judith adalandira ndalama, ndipo mkazi wake adamusiyira bedi lachiwiri kwa labwino koposa la m'nyumbamo. Adasiyanso ndalama pang'ono kwa anzake atatu a m'gulu, Richard Burbage, John Heminges ndi Henry Condell, kuti agule mphete zomukumbukira. Mbumba yake idathera pa mdzukulu wake Elizabeth, amene adamwalira wopanda mwana mu 1670.

Anzake aja adachita zoposa kugula mphete. Burbage adamwalira mu 1619, koma Heminges ndi Condell adasonkhanitsa zolemba za mnzawoyo, ndipo mu 1623 adatulutsa buku lalikulu lodziwika ndi dzina loti First Folio, lokhala ndi masewero 36. Mwa amenewa, 18 adali asadasindikizidwepo, kuphatikizapo Macbeth, Julius Caesar, Twelfth Night ndi The Tempest. Pakadapanda khama la anthu awiriwa, masewero amenewa bwenzi atatayika monga adatayikira mazana a masewero ena a nthawiyo. Kumayambiriro kwa bukulo Ben Jonson adalemba ndakatulo yomutamanda, ndipo ngakhale adatchulamo kuti malemuyo Chilatini ndi Chigiriki ankachidziwa pang'ono, adamuika pamwamba pa olemba onse a m'nthawi yake.

Ulendo wa zolemba zake

M'chaka cha 1642 Nyumba ya Malamulo ya ku England idatseka nyumba zonse za masewero, ndipo Globe idagwetsedwa. Buku lija ndilo lidatsala, ndipo lidayenda kufikira kuno ku Africa. Lidabwera ndi sukulu za atsamunda, koma eni dziko adalitenga n'kuligwiritsa ntchito yawo. Sol Plaatje wa ku South Africa adamasulira The Comedy of Errors m'Chitswana, ndipo idasindikizidwa mu 1930. Mwalimu Julius Nyerere adamasulira Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963 ndi The Merchant of Venice mu 1969, ali pa udindo wotsogolera dziko lawo. Welcome Msomi adasandutsa Macbeth kukhala sewero la Chizulu lotchedwa uMabatha mu 1970. Pa chilumba cha Robben, akaidi a ndale ankabwerekana buku la masewero a Shakespeare, ndipo mu Disembala 1977 a Nelson Mandela adasaina dzina lawo pambali pa ndime ina ya mu Julius Caesar. Kuno kwathu wolemba Stanley Onjezani Kenani adamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa. Ku London nako, Globe yatsopano idatsegulidwa mu 1997 pafupi ndi pamene padali yakale ija.

Inu amene mwatsiriza sukulu, onani zimene munthu ameneyu adali nazo pochoka ku Stratford: maphunziro a sukulu ya m'tauni, chizolowezi chowerenga, ndi banja lofuna kudyetsedwa. Adalowa ntchito imene ophunzira ankainyoza, adaiphunzira kuyambira pansi, adapitiriza kuwerenga mabuku amene ankawapeza, ndipo adakhala mokhulupirika ndi anzake a ntchito kotero kuti atamwalira iwo adasunga dzina lake. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo inu aphunzitsi, kumbukirani kuti masewero amenewa adalembedwera makutu a anthu oimirira pabwalo, ambiri a iwo osadziwa kuwerenga. Mukafika pa maliro a Caesar, tulutsani ana panja, wina akhale Brutus, wina akhale Antony, otsalawo akhale khamu la ku Rome, ndipo muwafunse pamapeto pake kuti atsata yani.